Mmene mungatsekere njira za tizilombo pakhomo m'dzinja

Tizilombo toyambitsa matenda n'tosiyana, ndipo mankhwala ake n'ngosiyananso. Kolera, tayifodi ndi TB amabwera ndi mabakiteriya. Chimfine, chikuku ndi HIV ndi mavairasi, amene samva makapisozi opha mabakiteriya monga amoxicillin. Kumwa makapisozi otsala chifukwa cha chimfine kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala. Kachilombo ka malungo kamalowa m'thupi udzudzu ukaluma, ka likodzo kamachokera mu nkhono za m'madambo n'kuboola khungu la mwana wosambira. Zipere zimayenda pa chipeso, thaulo ndi makina ometera.

Mvula ikayamba kuno ku Chipata, njira yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi ya chimbudzi kupita m'kamwa. Ndiyo inafalitsa kolera yomwe inayambira ku Lusaka mu 2023, mpaka bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegula mu 2024.

Yambani ndi madzi. Chitsime chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachimbudzi, ndiponso kumtunda kwake, poti madzi a mvula amakokolola ndowe n'kuzilowetsa pansi. Madzi akumwa awire mobwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunda sikupha kanthu. Ngati mukuthira klorini, tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo ndipo dikirani mphindi 30. Madzi amatope ayambe adikha, muwasefe pansalu yoyera, chifukwa dothi limadya mphamvu ya klorini.

Ambiri amalakwitsa posunga. Madzi abwinobwino amaikidwa m'ndowa yosavundikira, kapu yokhala pansi n'kumaviikidwamo pamodzi ndi zala. Chigubu cha kukamwa kochepa chokhala ndi chitsekero chake ndicho chabwino: mumachita kutsanulira, dzanja silowa.

Beseni limodzi losambiramo m'manja banja lonse musanadye nsima lisiyeni, ngakhale lili ulemu wathu. Womaliza, amene kawirikawiri ndi mwana, amasamba litsiro la onse. Thiriranani madzi ndi jagi, ndi sopo, masekondi 20, mpaka m'zikhadabo. Chimodzimodzi pochoka kuchimbudzi ndi mukasintha thewera. Ndowe za khanda nazonso zili ndi tizilombo, zitayeni m'chimbudzi. Mango ndi tomato za kumsika wa Kapata zitsukeni ndi madzi otetezedwa, ndiwo zogona muziwiritsenso.

Wina akayamba kutsekula, sungunulani paketi ya ORS, madzi a moyo aja, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Paketi ikasowa, ikani mu lita imodziyo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, choncho musayeze ndi maso. Otsala atayeni pakatha maola 24. Mwana apitirize kuyamwa, alandirenso mankhwala a zinki masiku 10 mpaka 14.

Chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, maso alowa m'kati, kapena wodwala sakukodza, thamangani naye kukiliniki akumwa ORS m'njira. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku lomwelo.