Kuphunzitsa ana kuganiza paokha m'kalasi yodzaza

Aphunzitsi anzanga a ku Katete mwafunsa kuti mungaphunzitse bwanji ana kuganiza mozama ndi kugwirira ntchito limodzi, poti makalasi anadzaza chiyambireni maphunziro aulere mu 2022. Ine kuno ku Chipata ndimachita motere.

Choyamba, bweretsani vuto lomwe ana amaliona kwawo. Mwachitsanzo: n'chifukwa chiyani tomato amatchipa pa msika wa Kapata miyezi ina, kenako n'kudula? Yankho musawapatse.

Kenako agaweni asanuasanu. Aliyense akhale ndi ntchito yake: wolemba, wosunga nthawi, wolankhulira gulu. Ntchitozi zizisinthana, apo ayi ana anzeru okhaokha ndiwo azilankhula.

Chachitatu ndiye chovuta. Mwana akayankha, musafulumire kunena kuti "wakhoza" kapena "walakwa". Mufunseni kuti, "Wadziwa bwanji?" Dikirani ndithu, ngakhale kalasi itangoti zii. Ana athu anazolowera kuti wamkulu satsutsidwa, choncho auzeni poyera kuti kufunsa mwaulemu si chipongwe. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, makamaka kwa atsikana amanyazi.

Pomaliza, gulu lililonse lipange kanthu, kaya sewero, chojambula kapena choumitsira tomato padzuwa cha nsungwi, ndipo magulu ena alifunse mafunso awiri.