Funso lija la "mwamva ana inu?" tilichepetse

Aphunzitsi anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, pa nkhani yophunzitsa kuti mwana azitha kuchita chinthu osati kungoloweza, chinthu chimodzi chomwe chimatipusitsa ndi funso lakuti mwamva, kalasi yonse imayankha eee ngakhale uja sanatolepo kanthu.

Mmalo mofunsa mpatseni chochita. Mukaphunzitsa ndalama pangani kamsika pansi pa mtengo, zitsekerero za mabotolo zikhale makwacha, wina agulitse nsomba wina masawu, ndiye muone amene akutha kubweza chenji. Kuyeza, atenge chingwe ayeze khomo la kalasi kapena bwalo. Pa makilogalamu yambirani pa thonje, ambiri anaonapo makolo awo akuyezetsa pa sikelo. TALULAR ija, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, ndi imeneyi, siyofuna ndalama. Zapanjazi chitani mmamawa dzuwa lathu lino lisanakwiye.

Mwina mukuti ana ndi ambiri, zoona, koma simungayese onse tsiku limodzi ayi. Tengani khumi lero, ena mawa, mukope mwanu lembani dzina ndi zoti watha, watsala pang'ono kapena sanathe, ndipo amene sanathe mubwerere naye musanathamangire mutu wina, pamenepa ndi pomwe ambiri timataya ana chifukwa chothamangira kumaliza sikimu, ndondomeko ya mitu yoti tiphunzitse pa teremu.

Mwana wolankhula Chisena kunyumba msiyeni afotokoze kaye mu Chisena, mudziwe ngati vuto ndi masamu kapena chiyankhulo. Komanso ana akabwerera kusukulu madzi osefukira ataphwa, ayeseni kaye zomwe akukumbuka musanatsegule tsamba lomwe munalekezera.