Momwe mungapititsire nkhani ya pamsika ku khonsolo mpaka ilowe m'bajeti

Ndimagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika wa pa tauni yathu yaying'ono, ndipo ndine mlembi wa komiti ya msikawo. Ndikulembera anzanga amene mukufuna chimbudzi, shedi, mjigo kapena ngalande pamsika wanu koma simudziwa poyambira. Ambiri timadikira msonkhano wa ndale kuti tikadandaule pamaso pa bwana wobwera pagalimoto. Amawomba m'manja nafe, amalonjeza, n'kumapita. Khonsolo siiyendera mawu a pabwalo. Imayendera zolembedwa, ndipo zolembedwazo ziyenera kudutsa m'makomiti ake pa nthawi yake.

Choyamba dziwani mwini msika. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka misika, madepoti, ukhondo ndi zina zotero m'manja mwa makhonsolo. Mu 2010 lamuloli linasinthidwa, ndipo matauni ngati Balaka, Dedza, Salima ndi Liwonde anataya makhonsolo awoawo n'kulowa pansi pa makhonsolo a maboma awo. Kasungu, Luchenza ndi Mangochi ndi amene anatsala nawo. Choncho ngati muli pa Liwonde, nkhani yanu ndi ya khonsolo ya Machinga, ndipo ikukapikisana ndi milatho ndi midadada ya sukulu ya boma lonse. Musadabwe kuti anthu ambiri njirayi saidziwa. Makhansala amene tinasankha mu 2000 anatha ntchito mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo anthu anazolowera kuthamangira kwa phungu kapena kwa a DC (bwanamkubwa wa boma), ndipo chizolowezicho sichinathe.

Musanapite kulikonse, khalani pansi ngati komiti ndi kusankha chinthu chimodzi. Apa m'pamene makomiti ambiri amagwera. A nsomba akufuna shedi, a kaunjika akufuna mpanda, a chiwaya akufuna madzi, ndiye kalata imatuluka ndi zopempha khumi. Kalata yotere ofesi imaiwerenga n'kuiika m'faelo, chifukwa palibe thumba limene lingasenze zonsezo. Kanganani pamsika pomwepo mpaka mugwirizane, muvote ngati kuli kofunika, ndipo mlembi alembe maminitsi: tsiku, amene analipo, chimene mwagwirizana. Anthu asayine kapena adinde chala.

Kenako werengani. Pamsika pali ogulitsa angati tsiku wamba, nanga tsiku la msika? Chiphaso ndi ndalama zingati? Zimbudzi zogwira ntchito zilipo zingati? Uzani anthu asamataye ziphaso akalipira. Sonkhanitsani za mwezi wathunthu, muzimange ndi mphira, muwonkhetse. Mukanena kuti "tikuvutika", aliyense ku khonsolo wamvapo mawu amenewo. Mukanena kuti msika uno umapereka ndalama zakuti pamwezi, ziphaso zake ndi izi, koma chimbudzi n'chimodzi ndipo chinadzadza, a zachuma amakhala tsonga.

Ngati nkhani yanu ndi ya chimbudzi kapena madzi, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo, a HSA, muwapemphe adzayendere msika ndi kulemba lipoti. Chiyambire kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, lipoti la azaumoyo lonena kuti msika ulibe chimbudzi salinyalanyaza msanga. Alangiziwa, pamodzi ndi a zaulimi ndi a zamaphunziro, amakhala mu komiti yotchedwa AEC, imene imalangiza ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, pa zaukatswiri. Akaona ndi maso awo, mumakhala ndi mboni mkati momwemo.

Njira yake imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Ndikudziwa kuti ife a pa tauni timaiderera, timati ndi ya kumudzi. Koma msika uli pa dothi la mfumu inayake, ndipo zimene VDC yalemba mu dongosolo lake, lija amati VAP, ndi zimene zimakwera ku ADC, komiti ya dera lonse la a T/A. Kuchoka ku ADC zimapita ku boma, kumene akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amaziunika mu komiti yawo yotchedwa DEC motsogozedwa ndi a DC, ndipo zosankhidwa zimalowa mu DDP, dongosolo la chitukuko la boma lonse la zaka zingapo. Ntchito imene mulibe mu DDP imavuta kuipezera ndalama, ngakhale khansala aikonde bwanji. Choncho funso loyamba kwa a DPD, mkulu woona za mapulani ndi chitukuko, likhale lakuti: kodi msika wathu ulimo? Ngati ulimo, mwadula mtunda. Ngati mulibe, funsani kuti adzaunikanso liti.

Kwa amfumu pitani mwaulemu wake, osati ndi kalata yokha m'manja ngati mukukapereka samani. Afotokozereni, apempheni adinde kalatayo. Mafumu akuluakulu amakhala nawo mu khonsolo ngakhale savota, ndipo ADC siimakonda kukankha nkhani imene gogo chalo sakuidziwa.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa a DC, ndipo ma kope apite kwa khansala wa wodi yanu, kwa wapampando wa ADC ndi kwa phungu. Mukakaipereka ku ofesi, musaisiye m'manja mwa munthu pakhonde. Pitani ku rejisitale, apatseni, ndipo kope yanu aidinde ndi kulembapo tsiku. Kope yodindayo isungeni m'pulasitiki pamodzi ndi maminitsi. Ogwira ntchito ku khonsolo amasamutsidwa pafupipafupi, ndipo wobwera kumene adzakuuzani moona mtima kuti nkhaniyo sakuidziwa. Chidindo chimakuyankhulirani.

Nthawi ndi yofunika kuposa momwe ambiri timaganizira. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo bajeti ya khonsolo amaikonza miyezi ingapo Epulo asanafike. Ife timakumbukira ngalande mu Januwale, matope atafika m'mabenchi, pamene manambala ambiri atsekedwa kale. Ine ndimati pofika Okutobala kalata ikhale itadindidwa ndipo ADC itaikambirana. Zithunzi za matope jambulani dzinja lino, mudzazigwiritse ntchito chilimwe chikubwerachi.

Funsaninso kuti ndalama zichokera thumba liti, chifukwa "tiona" wopanda dzina la thumba ndi kukana kwaulemu. Pali ndalama zimene khonsolo imatolera yokha, monga ziphaso zathu zija ndi malaisensi a mashopu. Izi zimakwanira zinthu zing'onozing'ono, kupopa chimbudzi kapena kukonza geti. Pali CDF, thumba la dera la phungu limene linayamba mu 2006. Pali DDF, ya chitukuko cha boma lonse. Palinso GESD, ndalama zochokera ku World Bank zimene khonsolo imalandira malinga ndi momwe yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka wotchedwa LAPA. Shedi yaikulu ya njerwa ndi malata imayenera matumba awiri omalizawa.

Tsopano za khansala. Ndi iyeyo amene angaimirire mu khonsolo n'kutchula msika wanu. Musamupemphe ndalama za m'thumba mwake, alibe. Mupempheni zinthu zomwe angathe: akuuzeni komiti imene nkhani yanu igwere, kaya ya zaumoyo, ya zomangamanga kapena ya zachuma, tsiku limene ikumane, ndipo aonetsetse kuti yalowa pa ajenda. Mkangano weniweni umachitika m'makomiti amenewa. Full council, msonkhano wa khonsolo yonse, imene imayenera kukumana kanayi pachaka, nthawi zambiri imangovomereza kapena kubweza zimene makomiti abweretsa. Ngati khansala wanu sali mu komiti yoyenerayo, afunseni dzina la wapampando wake mukamuone. Chipani chake chisakudetseni nkhawa, ndipo komiti yanu isavale nsalu ya chipani chilichonse popita ku ofesi.

Ku full council pitani ndithu. Lamulo limalola anthu wamba ndi atolankhani kukhalapo, kupatula pa nkhani zachinsinsi. Simuyankhula pokhapokha wapampando atakulolani, koma anthu asanu a pamsika atakhala kumbuyo ndi kope ndi cholembera amasintha mayankhulidwe a m'chipindamo. Lembani chimene agwirizana ndi ndalama zimene atchula.

Anzanga ena amati njira yachidule n'kunyanyala kulipira ziphaso. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa, pakuti kulipira tsiku ndi tsiku uku ukukadzithandiza kuseri kwa shopu n'kopweteka. Komabe ine sindivomereza. Oyamba kuvutika amakhala osesa ndi alonda a pamsika, amene malipiro awo amachokera m'ziphaso zomwezo, ndipo umboni wanu waukulu, woti mumalipira, mumautaya nokha.

Ntchito ikavomerezedwa musapume. Pemphani kuti mu komiti yoyang'anira ntchitoyo mukhale anthu a pamsika, amayi akhalemo, chifukwa ndi amene amadziwa pamene chitseko cha chimbudzi chiyenera kuyang'ana. Pemphani kuona BOQ, pepala losonyeza matumba a simenti, malata ndi zitsulo zimene kontilakitala walipiridwa kuti agwiritse ntchito, ndipo katundu akamatsika muziwerenga ndi kulemba. Akakukanizani mapepala, pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata yopempha, ndipo ofesi iyenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ikapanda kutero, mumayamba mwapempha ofesiyo kuti iunikenso pempho lanu, ndipo zikakanika dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu. Kuzengereza kopanda chifukwa ndi nkhani ya Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, ndipo ngati mwaona kuti ndalama zasowa, imeneyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Musasayine pepala lovomereza kuti ntchito yatha pamene pansi payamba kale kung'aluka kapena zitseko palibe, ngakhale akuuzeni kuti adzamaliza mawa. Ndipo tsiku lopereka lisanafike, gwirizanani ndi a market master molemba kuti kiyi asunga ndani, wolowa alipira zingati, ndalamazo zisungidwa kuti, komanso chimbudzi chikadzadza adzaitana galimoto yopopa ndani.