Momwe mungagulire galimoto ya lemon law buyback ku America osadzalira nayo

Abale athu akangofika ku America amazindikira msanga kuti m'malo ngati South Bend kapena Dallas, munthu wopanda galimoto ntchito imamuvuta. Shifiti yausiku ikatha basi imakhala itaweruka kale, ndipo kupempha lifiti tsiku ndi tsiku kumatopetsa ngakhale anzako apamtima. Ndiye ukamafufuza galimoto ya kaunjika pa intaneti, pamatulukira ina yooneka bwino, ya chaka chathachi, yoyenda pang'ono, koma mtengo wake uli pansi kuposa zinzake ndi madola masauzande angapo. Pansi pa chithunzi alemba ndi timalemba tating'ono kuti "manufacturer buyback" kapena "lemon law buyback". Anthu amandifunsa kawirikawiri ngati n'chanzeru kuigula. Ine ndinagulapo, ndipo yankho langa ndi lakuti eya, koma pokhapokha mutadziwa bwinobwino chomwe chinkavuta, ndipo vutolo likhale la mtundu womwe umatheratu akasintha chitsulo. Ngati simukudziwa, isiyeni, ngakhale mtengo ukome bwanji.

Tiyambe ndi komwe magalimotowa amachokera. Chigawo chilichonse cha America chili ndi lamulo lake, lotchedwa lemon law, loteteza munthu wogula galimoto yatsopano yomwe ikukanika kukonzeka, ndipo choyamba kukhazikitsa lamulo lotere chinali Connecticut mu 1982. Ku California, ngati m'miyezi 18 yoyamba kapena mamailosi 18,000 oyamba galimoto yapita kugalaja kanayi pa vuto limodzimodzi, kapena kawiri pa vuto loti likhoza kupha munthu, kapena yakhala kugalaja masiku oposa 30 mukawaphatikiza onse, mwini wake ali ndi poyambira kuuza kampani yopanga kuti iitenge n'kumubwezera ndalama, ndipo imeneyi ndiyo buyback. Kampani ikaitenga imaikonza, kenako n'kuigulitsa pa okishoni ya ogulitsa magalimoto okhaokha, monga ya Manheim, ndipo kuchoka pamenepo ndi pomwe imafika pabwalo lomwe inu mwaionera. Muone bwino pa masiku 30 aja. Magalimoto ena anabwezedwa chabe chifukwa chitsulo chinachedwa kufika, makamaka mu 2021 ndi 2022 pomwe zipangizo za magetsi a galimoto zinkasowa padziko lonse. Ena anabwezedwa chifukwa amakaniko a kampani yomweyo anasowa nawo chochita. Pa title, pepala la umwini lija kwathu timati bulubuku, onsewa amalembedwa mofanana, ndiye ntchito yanu yonse ndi kuwasiyanitsa.

Tengani VIN pagalimoto penipeni

VIN ndi nambala yozindikiritsa galimoto, ndipo musadalire yomwe yalembedwa pa malonda. Pitani mukaiwerenge nokha pansi pa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala komanso pafelemu ya chitseko chake. Ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo igwirizane ndi yomwe ili pa title. Mukaitenga ilowetseni pa nhtsa.gov/recalls, ndi zaulere, muone ngati pali recall, kutanthauza vuto lomwe kampani inaitanitsira magalimoto kuti akonzedwe, yomwe sinakonzedwe. Kenako gulani lipoti la NMVTIS, kaundula wa boma wa ma title, kudzera pa vehiclehistory.gov, lomwe ndi la madola ochepa chabe ndipo limaonetsa zomwe zigawo zosiyanasiyana zinalemba pa title. Carfax, kampani yogulitsa malipoti a mbiri ya galimoto, ndi yodula, lipoti limodzi limafika cha m'ma 40 dola, koma wogulitsa wolongosoka amakupatsani yekha kwaulere. Akakupatsani losindikiza, yang'anani deti. Alipo ena amasunga lakale lomwe linatuluka mbiri ya buyback isanalowe m'makompyuta.

Si zigawo zonse zomwe zimadinda chizindikiro cha buyback pa title, ndipo anthu achinyengo amapezerapo mpata. Amatenga galimoto kukailembetsa kuchigawo chomwe sichidinda, ikabwerako pepala lili mbee ngati sinachitikepo kanthu. Mukaona galimoto ya zaka ziwiri yalembetsedwa m'zigawo zitatu, funsani chifukwa chake. Ya ku California imayenera kukhala ndi kasitika pafelemu ya chitseko chakutsogolo chakumanzere kolembedwa "Lemon Law Buyback", ndiye pakakhala zipsera za guluu pamalo amenewo, wina anakamatula. Za anyamata a pa Facebook Marketplace omwe amati akugulitsira msuweni wawo, dzina la pa title lili la munthu wina, ine ndimangoti musayambe n'komwe. Galimoto yamtunduwu igulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka a kampani yomwe inaipanga, chifukwa ndi komweko mudzabwerere nayo ikadzayamba kuvuta.

Mapepala a zomwe zinkavuta

Apa ndi pomwe ine zinandivuta, ndipo ndikhalitsapo. Wogulitsa amakupatsani pepala loti musainire, lonena kuti galimotoyi inabwezedwa, vuto lake linali lakuti, ndipo anakonza mwakuti. Pepala la galimoto yanga linali ndi mzere umodzi wokha: nyali ya check engine imayaka, anasintha sensa. Mnyamata wogulitsa anandiuza kuti mwini woyamba anali munthu wovuta chabe, ndipo kuti mapepala ena a kugalaja analibe nawo. Galimoto inkayenda bwino mpaka kuzizira kutayamba. Mmawa wina ndikulowa mumsewu waukulu, thiraki ikubwera kumbuyo, ndinaponda mafuta koma galimoto inangoti zii, mphamvu yonse kutha, nyali ija n'kuyaka. Ndinatulukira m'mbali manja akunjenjemera.

Nditapita nayo kugalaja ya kampani, mayi wa pa desiki ya service anasindikiza mbiri yonse ya galimotoyo, mapepala omwe wogulitsa uja ankati palibe. Mwini woyamba sankadandaula za nyali ayi. Ulendo uliwonse ankanena chinthu chimodzi, chakuti galimoto ikutha mphamvu kukazizira. Anasintha sensa, vuto linabwerera. Anasintha kompyuta ya injini, linabwereranso. M'mizere ina munalembedwa kuti "could not duplicate", kutanthauza kuti amakaniko anayesa koma vuto silinaoneke pamaso pawo. Sensa ija inali chabe chomaliza chomwe anagwira asanaigulitse.

Chinawawa kwambiri ndi mkangano womwe unatsatira. Warranty yapadera yomwe kampani imapereka pa galimoto yobwezedwa, ku California chaka chimodzi, m'zigawo zina miyezi 12 kapena mamailosi 12,000, nthawi zambiri imagwira pa vuto lomwe lalembedwa papepala lija. Anayamba kundiuza kuti kutha mphamvu ndi nkhani yatsopano, siyomwe ndinasainira. Ndinakhala masabata ndikubwereka galimoto, kuimba foni kulikulu la kampani, kutumiza zithunzi za mapepala. Chomwe chinandipulumutsa ndi mbiri yosindikizidwa ija, chifukwa inaonetsa poyera kuti nyali ndi kutha mphamvu chinali chinthu chimodzi kuyambira pachiyambi. Pamapeto pake anapeza pulagi ya mawaya yomwe inkalowa chinyezi, anasintha mtolo wonse wa mawayawo, ndipo kuyambira pamenepo sinavutenso.

Ndiye chitani izi musanapereke ngakhale dipoziti. Pemphani ma repair order onse a mwini woyamba, mapepala omwe galaja imalemba ulendo uliwonse galimoto ikapita kukakonzedwa. Akakuuzani kuti palibe, tulukani mu ofesi ya malonda mupite ku desiki ya service ya kampani yomweyo ndi VIN m'manja, chifukwa ntchito iliyonse ya warranty imalembedwa m'kompyuta yawo. Dzina la mwini woyamba akhoza kulibisa, inu simukulifuna. Werengani mizere itatu pa ulendo uliwonse: chomwe mwini ananena, chomwe makaniko anapeza, ndi chomwe anachita. Funafunani ntchito yomwe kampani inagwira itaitenga kale galimoto. Ngati ntchito yomalizayo ndi yomweyo yomwe anaigwirapo kale n'kulephera, vuto likadali mkati. Ngati mawu a pa pepala losainira ndi ochepa kuposa zomwe zili m'mbiri, auzeni alembe dandaulo lonse monga mwini woyamba analinenera. Akakana kulemba, nyamukani. Musachite manyazi chifukwa akupatsani khofi n'kukusekererani, ndalama ndi zanu ndipo munazivutikira usiku.

Vuto lotha ndi vuto losatha

Mukadziwa chomwe chinkavuta, chiganizo chimaphweka. Chitsanzo chabwino ndi Chevrolet Bolt. Mu 2020 ndi 2021 General Motors inaitanitsa magalimotowa chifukwa mabatire ena ankagwira moto, mpaka recall inakhudza onse a 2017 kufika 2022. Ena mwa iwo anabwezedwa kukampani. Omwe anaikidwa batire yatsopano anapatsidwanso warranty ya zaka 8 kapena mamailosi 100,000 pa batireyo. Vuto linkadziwika, chitsulo chinasinthidwa, pepala lilipo. Galimoto yotere ine ndikhoza kuuza mlongo wanga kuti agule, bola aone umboni kuti batire inasinthidwadi, osati anangoika software yoiyang'anira.

Mbali inayi kuli Ford Focus ya 2012 mpaka 2016 ndi Fiesta ya 2011 mpaka 2016 za giyabokosi ya PowerShift. Zinkanjenjemera ponyamuka, anthu ankasinthitsa kilatchi mobwerezabwereza, ndipo nkhani inafika kukhoti. Pamenepo vuto linali m'kapangidwe, ndiye chitsulo chatsopano chimadzavuta monga chakale. Njira yachidule yodziwira ndi kulemba mtundu ndi chaka cha galimoto pa tsamba la nhtsa.gov lija, la bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, n'kuwerenga madandaulo a anthu ndi zikalata zomwe kampani imatumizira amakaniko ake. Mukaona anthu ambirimbiri akulira ndi chinthu chomwecho, si galimoto yanu yokha yomwe ili ndi tsoka.

Zomwe ine ndimazithawa ndi zitatu: vuto la magetsi lobwera n'kupita, madzi olowa mkati, ndi chilichonse chokhudza mabuleki kapena chiwongolero chomwe sanapeze gwero lake. Madzi amaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma amadya mawaya pansi pa kapeti mwakachetechete. Sikirini ya wailesi yomwe inkazima, utoto wosenda, kapena chitsulo chomwe chinangochedwa kufika, zimenezo sizindiopsa.

Makaniko wanu, osati wawo

Lipirani makaniko wodziimira payekha aiyang'ane. Zimadya madola 100 mpaka 200 kutengera dera, ndipo mumupatse mbiri ija aiwerenge asanatsegule boneti. Wogulitsa wokana kuti galimoto ituluke kukaonedwa wakuuzani kale zonse. Gulaninso kamakina ka OBD2 kowerenga makodi a mavuto m'kompyuta ya galimoto, kotchipa kamakwana, mukalumikize pansi pa chiwongolero. Musangoona ngati pali makodi, onani ma readiness monitor, omwe amasonyeza ngati kompyutayo yamaliza kudziyesa. Ambiri akamalemba "not ready", n'kutheka kuti wina wafufuta makodi posachedwa kuti nyali izime. Poyesa kuyendetsa, tsatani dandaulo la mwini woyamba. Ngati linali la kuzizira, fikani mmamawa galimoto isanalizidwe, ndipo gwirani boneti muone ngati sanaitenthetse inu musanafike. Ngati linali la pa liwiro, lowani nayo mumsewu waukulu. Kuzungulira buloko limodzi ndi wogulitsa akukuyankhulitsani sikuyesa galimoto.

Ndalama ndi zotsala

Onani mtengo wa galimoto yofanana nayo yopanda chizindikiro pa Kelley Blue Book, tsamba loonetsa mitengo ya magalimoto, ndipo kumbukirani kuti chizindikirocho sichidzachoka. Zomwe mwapulumutsa lero mudzazitaya pogulitsa, ndiye izi zimapindulira munthu woti aiyendetsa zaka zambiri. Akangotsitsa pang'ono chabe, akukudyerani masuku pamutu. Imbirani banki kapena credit union yanu musanasaine, chifukwa ena sapereka ngongole pa title yodindidwa ndipo ena amakweza chiwongoladzanja. A inshulansi muwafunsenso momwe adzawerengere mtengo galimoto ikadzaphwanyika.

Werengani Buyers Guide, pepala lonena za warranty lomata pawindo, pasakhale pochongedwa "As Is", kutanthauza kuti wogulitsa sakupereka warranty, pomwe pakamwa akukulonjezani warranty. Funsani kuti warranty ya kufakitale yatsala yaitali bwanji, ndipo akulembereni. Pa Hyundai ndi Kia, warranty ya zaka 10 ya injini ndi giyabokosi ndi ya mwini woyamba yekha, wachiwiri amatsala ndi zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Musayembekezere kuti lemon law idzakutetezani monga inatetezera woyamba. Mu 2024 khoti lalikulu la California linagamula kuti galimoto ya kaunjika yongotsala ndi warranty ya mwini woyamba siwerengedwa ngati yatsopano. Chomwe chimakutsalirani ndi warranty yolembedwa komanso lamulo la Magnuson-Moss la 1975, lomwe limayendetsa nkhani za warranty m'dziko lonse la America, choncho sungani pepala lililonse la kugalaja.

Kwa omwe mukuganiza zoitumiza kumudzi, musatero. Chiwongolero chake chili kumanzere pomwe ku Malawi ndi ku Zambia timayendetsa kumanzere kwa msewu, warranty ija sidutsa nyanja, ndipo vuto likadzabwerera ku Lilongwe kapena ku Chipata mudzayamba kuitanitsa chitsulo chilichonse ndi ndalama zanu.