Momwe mungayendere mzinda wa Cape Town pa basi ya alendo tsiku la mvula

Ku Cape Town mvula imagwa nyengo yozizira, makamaka mu June, July ndi August, nthawi imene ife kuno tinakolola kale. Abale athu ambiri ogwira ntchito kumeneko, tsiku lopuma likagwera pa mvula, amangobindikira m'nyumba. Komatu ndi tsiku labwino lokwera basi yofiira ya City Sightseeing: anthu amachepa, ndipo malo ambiri osunga mbiri ya mzindawu ndi ofolera.

Yambani ndi kuona zanyengo pafoni. Mphepo ikakula, kebulo yokweza anthu pa Table Mountain imaima, boti lopita ku Robben Island nalo silinyamuka. Ziwirizi zisungireni tsiku ladzuwa.

Ambulera musadalire. Mvula yakumeneko imabwera chopingasa ndi mphepo yochokera kunyanja, ndipo ambulera imapindikira m'mwamba musanawoloke n'komwe msewu. Valani jekete lamvula lokhala ndi chipewa, nsapato zotseka, foni muikulunge m'jumbo.

Tikiti gulani pa intaneti kapena ku ofesi yawo ku V&A Waterfront kapena mu Long Street. Ya tsiku limodzi imakulolani kutsika ndi kukweranso momwe mungafunire. Basiyi ndi yosanja, ndipo pamwamba pake mbali yaikulu ndi yapamtetete. Fulumirani kukhala kutsogolo kumene kuli denga. Kukadzaza, khalani pansi pafupi ndi zenera, kansalu kopukutira galasi kali m'manja poti limachita nthunzi. Lumikizani timahedifoni timene amapereka kuti muzimva mbiri ya malo amene mukudutsa.

Tsikani mu Long Street, apa ndiye pofunika kutherapo nthawi. Mukayenda pang'ono mufika ku Slave Lodge, nyumba yomangidwa mu 1679, momwe kampani ya Adatchi inkasungiramo akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi Indonesia. Musathamange m'menemo. Werengani mayina a anthuwo pang'onopang'ono, poti ena mwa iwo anachokera kufupi ndi kwathu kuno. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha St George's Cathedral, kumene Desmond Tutu ankatumikira, ndipo phulusa lake linaikidwa momwemo.

Mvula ikakata, lowerani ku District Six Museum mu Buitenkant Street. Boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti dera la District Six ndi la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pansi pa holo ya m'nyumbayi anayalapo mapu aakulu a derali pamene anthu osamutsidwawo analembapo ndi manja awo malo amene nyumba zawo zinali. Ineyo ndimaona kuti amene sanalowe muno sanaudziwebe mzindawu. Lamulungu satsegula, choncho sankhani tsiku lina. Nthawi ikalola, Castle of Good Hope, linga limene anayamba kulimanga mu 1666, silili patali.

Masana bwererani pa basi muzungulire ku Camps Bay ndi Sea Point osatsika, muzingoonera pazenera mafunde akumenya miyala. Koma pokwera m'mawa muja mufunsiretu dalaivala nthawi ya basi yomaliza, chifukwa m'miyezi imeneyi kumada msanga.