Miyezi Itatu ku Geneva: Zoyenera Kukonza Musanakwere Ndege

Chaka chilichonse ikafika Malichi kapena Epulo, m'magulu a WhatsApp a Amalawi amene akuphunzira ku Britain, ku Ireland ndi ku Joni mumatuluka funso limodzimodzi: "Anditenga pa internship (yophunzira ntchito) ku Geneva, ku Switzerland, kuyambira Juni, ndipite?" Ine ndimayankha kuti pitani, koma musanaimbire kumudzi kuti mwapata ntchito ku UN, yambani mwakhala pansi ndi cholembera. Ndinapitako ndili pasukulu ku England, ndipo za mu ofesi sizinandivute. Chinandidyetsa mutu ndi ndalama, mapepala, pogona, ndi Chifalansa.

Tiyambe ndi ndalama, poti apa ndi pamene ambiri amagwera. Ofesi zimene zili pansi pa likulu la United Nations sizilipira ophunzira ntchito. Mu 2015 mnyamata wina wa ku New Zealand, David Hyde, anamveka dziko lonse atadziwika kuti akugona mu tenti pafupi ndi nyanja ya Geneva pamene masana akuvala suti kupita ku Palais des Nations, komwe kuli maofesi a UN mumzindawu. Mabungwe ena amasiyanako: ILO, bungwe loona za ntchito, imapereka kangachepe, ndipo WHO, loona za umoyo, inayamba kupereka mu 2020. Choncho werengani kalata yanu mpaka pansi, ndipo ngati za ndalama sanatchule, funsani popanda manyazi. Kuti muone mmene zinthu zimadulira mumzindawu, mu 2020 anthu a ku Geneva anavota kuti wantchito aliyense asamalandire zochepera ma franc 23 pa ola. Mitengo ya m'sitolo ndi ya lendi imatsatira malipiro otere, ndiye inu wosalipidwa mudzagula buledi pamtengo womwewo. Dziwaninso kuti ndalama yake ndi franc, si euro, chifukwa Switzerland sali mu European Union.

Mapepala yambani msanga. Switzerland ali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kuyambira 2008, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza. Chilolezo chanu chokhala ku Britain kapena ku Ireland sichikuthandizani pachipata, chifukwa mayiko awiriwa sali mu Schengen. Ngati mukakhale masiku oposa 90, viza yake ndi ya mtundu wa D, ndipo bungwe limene lakuitanani ndi limene limapereka kalata yoikira kumbuyo pempho lanu. Amene muli ku South Africa, ofesi ya kazembe wa Switzerland ili ku Pretoria. Mukafika, bungwe lanu limakupemphera khadi yotchedwa carte de légitimation kuchokera ku unduna woona za kunja wa dzikolo, ndipo imeneyi ndiyo chilolezo chanu chokhala. Adzafunanso umboni wa inshuwalansi ya chipatala. Kwa amene mukuchita Masters ku Britain, kumbukirani kuti miyezi ya Juni mpaka Ogasiti sukulu imaiwerenga ngati nthawi yolemba dissertation, osati ya tchuthi. Pitani ku ofesi yoona za ophunzira akunja akupatseni chilolezo cholembedwa, kuopa kuononga viza yanu ya sukulu chifukwa cha miyezi itatu.

Pogona ndiye pali nkhondo. Nyumba zambiri ku Geneva zimayendetsedwa ndi makampani otchedwa régie, ndipo iwowa safuna munthu wa miyezi itatu wopanda payslip. Njira zanu ndi ziwiri: mahositelo monga Cité Universitaire ku Champel kapena Centre John Knox ku Grand-Saconnex, omwe amadzadza msanga, kapena kubwereka chipinda kwa munthu amene wapita kutchuthi, zomwe amati sous-location. Lemberani mahositelowa kalata tsiku lomwe mwalandira uthenga wokutengani. Bungwe la CAGI, lomwe linakhazikitsidwa kuti lizilandira anthu obwera kudzagwira ntchito m'mabungwe apadziko lonse, ndi malo abwino ofunsira. Chenjerani ndi "eni nyumba" a pa Facebook amene amati ali kunja kwa dziko, mutumize dipoziti makiyi adzabwera pa positi. Chipinda chimene simunachione, inu kapena munthu amene mumamukhulupirira, musachilipire.

Anzanu adzakuuzani kuti kungodumpha malire kupita ku France, ku Annemasse, Gaillard kapena Ferney-Voltaire, lendi ndi yotsika. N'zoona, ndipo tram (sitima ya mumsewu) nambala 17 imafika ku Annemasse kuyambira Disembala 2019. Koma anzanuwo ambiri ali ndi mapasipoti a ku Ulaya. Khadi yanu ndi ya Switzerland, siyokhalira ku France, ndiye funsani a HR, oona za antchito ku bungwe lanu, musanasaine kalikonse.

Chimene sanandiuze munthu ndi malamulo a m'nyumba. Mufulati imene ndinkakhala, makina ochapira anali m'chipinda chapansi chotchedwa buanderie, ndipo pakhomo pake panali pepala la mizeremizere, khomo lililonse ndi tsiku lake ndi maola ake. Ine ndinaona makina alibe kanthu, ndinaponyamo zovala. Pobwerera ndinapeza malaya anga ali nyowe! m'basiketi, pamwamba pali kapepala ka Chifalansa kolembedwa bwinobwino ndi inki yabuluu. Ndinakamasulira pa foni ndili chiimire, manyazi atandigwira ngati mwana wakuba ndiwo mumphika. Phokoso limatha 10 koloko usiku, ndipo Lamlungu si tsiku lotsegula nyimbo kapena kukataya mabotolo.

Mu ofesi Chingerezi chimakwanira. Mukangotuluka pageti, mzinda ndi wa Chifalansa, ndipo mawu amodzi amene amatsegula zitseko ndi bonjour. Kwa ife izi si zachilendo: ndani amalowa mu golosale ku Ndirande n'kuyamba kufunsa mtengo wa sopo asanapereke moni? Vuto n'lakuti ena a ife tinazolowera za ku London, kumene umangoika katundu pakauntala osayang'ana munthu. Ku Geneva perekani moni kwa wogulitsa, kwa a neba mu lifiti, ngakhale polowa m'chipinda chodikira dokotala. Mukatero n'kupepesa kuti Chifalansa chanu n'choperewera, ambiri amasinthira okha ku Chingerezi. Amene munaphunzira Chifalansa ku sekondale, konzekani kudabwa pang'ono: 70 ku Geneva amati septante, 90 amati nonante, foni ya m'manja ena amaitcha natel, ndipo dîner ndi chakudya chamasana, chamadzulo ndi souper. Munthu akakuitanani ku dîner, funsani nthawi.

Za m'mimba: masitolo a Denner, Aldi ndi Lidl ndi otsikirako mitengo kuposa Migros ndi Coop. Masitolo amatseka Lamlungu, kupatula a pa siteshoni ya sitima ya Cornavin ndi ku bwalo la ndege, choncho gulani Loweruka. Nyama ndi yodula zedi, n'chifukwa chake anthu amakagula ku France, koma pamalire amalola kilogalamu imodzi pa munthu patsiku popanda msonkho, ndipo kuyambira Januwale 2025 katundu yense akaposa ma franc 150 mumalipira msonkho. Ufa woyera mudzaupeza m'timasitolo ta anthu a ku Africa ndi ku Asia ku Pâquis, chakumunsi kwa siteshoni. Ukasowa, polenta wosalala amaphika nsima yachikasu yoti n'kudya, ngakhale agogo akanaiona akanafunsa ngati kwagwa njala. Phikani madzulo, mutengere m'kontena. Madzi musagule, a pampopi ndi abwino, ndipo timipopi ta m'misewu tolembedwa eau potable ndi taulere.

Tikiti ya tram kapena basi gulani musanakwere, pamakina a pasiteji kapena pa foni. Kulibe kondakitala, koma oyendera amalowa gulu mwadzidzidzi, ndipo chindapusa chake chimawawa. Tikiti ya pamwezi imagwiranso pa timaboti tachikasu totchedwa Mouettes toolotsa anthu panyanja. Kuchoka ku Cornavin, tram 15 imakusiyani pa Nations, pamene pali chimpando chachikulu chothyoka mwendo. Tengani adaputala, chifukwa pulagi yathu ya mano atatu, yofanana ndi ya ku Britain, siilowa m'khoma la ku Switzerland. SIM ya ku Britain kapena ku France ionetsetseni kaye, poti mapulani ena a "ku Ulaya" saphatikiza Switzerland. Ambulansi ndi 144, polisi ndi 117.

Pamene kwathu chiperoni chikuwomba, ku Geneva dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo zosangalatsa zambiri sizifuna ndalama: kukhala m'mbali mwa nyanja n'kumaonerera Jet d'Eau, chimpope cha panyanjapo, ikuponya madzi m'mwamba mamita 140, kusambira ku Bains des Pâquis pamtengo wochepa, kapena kukwera phiri la Salève wapansi Loweruka. Malawi ali ndi ofesi yake yoimira dziko ku Geneva, ndipo mu 2021 analowa mu Human Rights Council, khonsolo ya UN yoona za ufulu wa anthu. Kadziwonetseni, misonkhano ya khonsoloyi ya pakati pa chaka imachitika Juni ndi Julayi, ndipo baji yanu ya kuntchito ingakulowetseni kukamvetsera.

Miyezi iwiri yoyambayo ndiyo ya ntchito yeniyeni ndi yokumana ndi anthu. Pa 1 Ogasiti ndi tsiku la dziko la Switzerland, ndipo kuchokera pamenepo makonde a maofesi amakhala zii, mabwana ali kutchuthi. Kalata yokuchitirani umboni ipempheni Julayi asanathe, abwana anu akadalipo oti asaine.