Kukhazikitsa Waqf Yolipirira Maphunziro a Ana

Madrasa yomwe imadalira chopereka cha tsiku la Ijuma (Lachisanu) imayenda bwino m'mwezi wa Ramadhan, koma miyezi ina aphunzitsi amatha kukhala osalandira kanthu. Waqf, chomwe ndi chuma chimene Msilamu amapereka mpaka kalekale kuti chizithandiza pa ntchito zachifundo, imathetsa vutoli, chifukwa chuma chomwe chaperekedwa sichidyedwa, chimene chimagwiritsidwa ntchito ndi phindu lake lokha. Umar ibn al-Khattab, mmodzi wa otsatira a Mtumiki, atapeza munda ku Khaybar m'dziko la Arabia, Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) adamulangiza kuti asunge mundawo ndi kupereka zokolola zake ngati sadaka (chopereka chachifundo), ndipo Umar adalamula kuti usadzagulitsidwe, usadzaperekedwe ngati mphatso, ndiponso usadzagawidwe ngati chuma chamasiye. Sukulu ya Al-Azhar ku Cairo idayenda zaka mazana ambiri ndi chuma chotere.

Poyamba sankhani chuma chomwe chimabweretsa ndalama. Anthu ambiri amakonda kumanga makalasi, koma kalasi imangofuna kukonzedwa ndipo siilipira mphunzitsi. Nyumba ya lendi, mashopu a pamsika kapena munda wobwereketsa ndi zomwe zimathandiza mwezi ndi mwezi. Chigayo chimapindulitsa, koma chimawonongeka kawirikawiri. Ndalama nazo zingakhale waqf, monga zinkachitikira mu ufumu wa Ottoman, bola ziikidwe mu malonda opanda chiwongoladzanja. Komabe amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 angakonde nyumba kuposa ndalama zongosungidwa.

Kenako tsimikizani kuti woperekayo ndiyedi mwini wake. Ngati ndi malo a makolo, abale ndi mfumu ayenera kuvomereza pamaso pa mboni, popeza milandu yambiri imabuka mwini wake atamwalira, adzukulu nkuyamba kunena kuti malowo adangobwereketsa.

Zonse zilembedwe m'chikalata: dzina la wopereka, malire a chumacho, amene adzapindule, komanso woyang'anira, yemwe amatchedwa nazir kapena mutawalli. Mawu akuti "zothandiza maphunziro" ndi osakwanira. Lembani ngati ndi malipiro a aphunzitsi, mabuku kapena fizi ya ana amasiye a ku sekondale. Lembaninso momwe woyang'anira adzalowedwere m'malo akamwalira kapena akalephera ntchito. M'Malawi muno ndi bwino kulembetsa gulu la oyang'anira pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, kuti chumacho chisakhale m'dzina la munthu mmodzi, ngakhale atakhala shehe wolemekezeka.

Pogawa phindu, yambani ndi kupatula ndalama yokonzera chumacho, monga akatswiri a malamulo a Chisilamu amaphunzitsira, chifukwa denga likayamba kudontha ochita lendi amasamuka ndipo fizi imaima. Ndalama za waqf musaziphatikize ndi za zakaat (chopereka chomwe Msilamu wachuma amalamulidwa kupereka), yomwe ili ndi magulu ake asanu ndi atatu a olandira otchulidwa m'Qur'an, mu Surat at-Tawbah, ndime 60. Ndalama za waqf zikhale ndi buku lakelake, ndipo kamodzi pachaka woyang'anira awerenge pamaso pa anthu a pamzikiti ndalama zomwe zidalowa, zomwe zidatuluka ndi chiwerengero cha ana amene adalipiriridwa.